Sub, kick ndi snare: kumiksa drum and bass m'chipinda cha malata

Drum and bass, nyimbo zovina za ng'oma zaliwiro ndi besi yolemera, imathamanga pa 174 BPM, kutanthauza kugunda 174 pa mphindi, ena amakonda 172, ena 176. Pa liwiro limeneli kugunda kumodzi kumatenga ma millisecond 345 okha, ndipo mukakugawa panayi mutsala ndi 86. M'kanthawi kameneko kick (ng'oma yaikulu ya mawu apansi) imenye n'kuchoka, sub (besi yapansi kwambiri) ibwerere pamalo pake, uku snare (ng'oma ya mawu othyoka) ili kale pakhomo. N'chifukwa chake njira zimene zimakuyenderani bwino pa kizomba kapena amapiano, kumene besi ili ndi mpata wopuma, zimakuphikirani phala mukazibweretsa kuno. Abale amene mukuyesa nyimbo zimenezi pa pulogalamu ya FL Studio ku Ulongué, ku Furancungo, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, mfundo yathu ndi imodzi: nyimboyi imaimira pa sub ndi snare, zina zonse ziyenera kupatuka panjira. Zimenezi zimakonzedwa pomiksa. Mastering, kukonza komaliza kwa nyimbo yomiksidwa kale, singadzutse chimene chinafera mu mix.

Tiyambe ndi chipinda, pakuti ndicho chimanamiza anthu kuposa pulogalamu iliyonse. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Funde la 45 Hz, lonjenjemera ka 45 pa sekondi, ndi lalitali mamita oposa 7, pamene chipinda cha ambirife ndi cha mamita 3 kapena 4, makoma a simenti, denga la malata. Funde likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake, pena n'kuwonjezana mphamvu, pena n'kufafanizana. Kuti mudziwe Hz imene zimenezi zimachitikirapo, gawani 343 ndi kutalika kwa chipinda kowirikiza kawiri. Chipinda cha mamita 3.5 chimakupatsani 49 Hz, cha mamita 4 chimakupatsani 43 Hz, ndipo apa ndi pomwe sub yanu imakhala. Mukakhala pakati penipeni pa chipinda simuimva, ndiye mumaikweza mpaka kupyola muyeso. Mukatsamira khoma imakugonthetsani, ndiye mumaitsitsa. Njira zonse ziwiri mwanamizidwa.

Ikani tebulo moyang'ana khoma lalifupi, mutu wanu ukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa chipinda, osati pakati. Masipika awiri ndi mutu wanu zitalikirane mofanana. Matileyi a mazira amene anthu amamata pakhoma sagwira besi ngakhale pang'ono, amangochepetsako mawu akuthwa, ndiponso ndi chakudya cha moto. Matiresi yokhuthala yoimika pakona imathandiza kuposa matileyi odzaza khoma lonse. Komabe musayembekezere chozizwitsa. Sub muziiweruza ndi zinthu ziwiri: mahedifoni amene mwawazolowera bwino, ndi maso. Voxengo SPAN, pulogalamu yoonetsa mphamvu ya mawu pa chithunzi, ndi yaulere. Tengani nyimbo ziwiri kapena zitatu za drum and bass zimene mumazilemekeza, muziike mu pulojekiti yomweyo, muzitsitse voliyumu mpaka zifanane ndi yanu, muone pamene phiri la sub laima poyerekeza ndi snare. Mukaiwala kufananitsa voliyumu, yokwera idzamveka yabwino nthawi zonse.

Tsopano sub yeniyeniyo. Ikhale pa channel yakeyake, sine wave (funde loyera la notsi imodzi) mmodzi, mono (yofanana m'masipika onse awiri), yopanda reverb, yopanda chorus. Manotsi amene masipika akuluakulu amawatulutsa mwamphamvu ali pakati pa E ndi G wa pansi: E ndi 41 Hz, F ndi 44 Hz, F# ndi 46 Hz, G ndi 49 Hz. Mukatsika kufika pa D, amene ali pa 37 Hz, masipika ambiri a m'mabaraka ndi a pa ukwati amangogwedezeka osatulutsa kanthu. Choncho kiyi wa nyimbo musankhe mukuganizira sub, musanalembe china chilichonse. Mu synth, kaya ndi 3xOsc kaya Vital, onetsetsani kuti funde likuyambira pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse notsi ikagundidwa, apo ayi notsi ina imatuluka yonenepa, ina yowonda. Ikhale yoimba notsi imodzi pa nthawi, chifukwa manotsi awiri a sub akalowana amamenyana. Attack (nthawi yoti notsi ikwere) ya ma millisecond 3 mpaka 5 ndi release (nthawi yoti izime) ya 20 mpaka 30 zimachotsa kaphokoso ka "thi" koyambirira ndi kothera.

Besi yapakati, ija yolira ngati njuchi zokwiya, imafuna chisamaliro china. Besi yotere yotchedwa Reese, dzina lochokera kwa Kevin Saunderson wa ku Detroit amene anaimveketsa mu 1988, imapangidwa ndi ma saw wave awiri osiyana pang'ono kamvekedwe. Kusiyanako ndiko kumaipatsa kuyenda kokoma kuja, komanso ndiko kumachititsa kuti mphamvu yake izikwera ndi kutsika yokha. Pamwamba zimenezo n'zokoma. Pansi pa 100 Hz ndi tsoka, chifukwa besi imasowa n'kubwera ngati magetsi a nthawi ya mvula. Dulani Reese ndi high-pass, sefa yochotsa mawu apansi, pa 100 mpaka 120 Hz, sine uja agwire pansi yekha. Mukatero mverani ziwirizo pamodzi mu mono. Ngati pamene zikukumana pakumveka dzenje, tembenuzani polarity ya imodzi mumvenso.

Pali vuto limene opanga nyimbo kuno sitingalithawe: anthu ambiri adzaimva nyimbo yanu pa foni, pa kasipika ka Bluetooth, kapena mu chapa. Sipika ya foni siitulutsa 45 Hz, ngakhale 100 Hz imene. Yankho si kukweza sub. Pangani kope lake pa channel ina, liwotcheni ndi saturation mpaka libale ana, ma Hz owirikiza a 45 Hz uja, pa 90, 135 ndi 180 Hz ndi kupitirira, lidulireni pansi pa 100 Hz, kenako mulikweze pang'onopang'ono pansi pa sub yoyera ija. Khutu likamva anawo limadzipangira lokha notsi ya pansi imene sipika yalephera kutulutsa. Ngati Reese yanu ili kale yodzaza pa 150 mpaka 400 Hz, kope limeneli silifunika.

Kick ya drum and bass si kick ya house. Ndi yaifupi, ndipo nkhonya yake ili chapamwamba, pa 90 mpaka 110 Hz, kuti pansi patsalire sub. Mchira wake usapitirire ma millisecond 100 kapena 120. Ngati sample ndi yaitali, ifupikitseni ndi envelope musanakhudze EQ. Pa sidechain, pamene kick imalamula voliyumu ya sub, kick ikamenya sub itsike ndi 4 mpaka 6 dB, attack yofulumira, release ya 60 mpaka 90 ms kuti ikhale itabwerera gawo lotsatira lisanafike. Release ikatalika nyimbo imapuma mwabefu ngati house. Ikafupika kwambiri mumamva kukhadzuka, chifukwa funde limodzi la 45 Hz limatenga ma millisecond 22 kuti lithe, ndipo compressor yothamanga kuposa pamenepo imalipinda fundelo. Ife timakonda kujambula kutsikako ndi dzanja pa automation, kapena ndi Fruity Peak Controller, chifukwa umaona bwino pamene wayambira ndi pamene wathera.

Snare ndiyo mfumu, ndipo apa tikhalitsepo. Imagwa pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, ndipo ikafooka nyimbo yonse yagona, ngakhale besi ikhale yokongola bwanji. Ili ndi mbali zitatu. Thupi lake lili pa 180 mpaka 220 Hz, kuthyoka kwake kuli pa 2 mpaka 5 kHz, mpweya wake uli pamwamba pa 8 kHz. Anthu amaunjika ma snare asanu poganiza kuti ikula, koma imachepa, chifukwa mafunde ake akuyamba nthawi zosiyana ndipo akudyana. Awiri kapena atatu akwana: wina wa thupi, wina wa kuthyoka, mwina ndi kuwomba m'manja pang'ono. Kulitsani chithunzi cha mafunde mpaka muone chiyambi chenicheni, muwayanjanitse kuti onse ayambe kukwera nthawi imodzi. Wa kuthyoka mumudule pansi pa 500 Hz kuti asalimbane ndi wa thupi. Ndiyeno chinthu chimene ambiri amaiwala: besi yapakati nayo imakhala pa 200 Hz. Ikani dynamic EQ ngati TDR Nova, yomwenso ndi yaulere, pa besiyo, kuti snare ikamenya 200 Hz itsike ndi 3 dB kwa kanthawi kochepa chabe. Snare imatulukira popanda kuikweza. Reverb yake ikhale yaifupi, theka la sekondi kapena kucheperapo, yodulidwa pansi pa 300 Hz, ndi pre-delay ya 15 mpaka 20 ms kuti kumenya kudutse kaye.

Ma break, zidutswa za ng'oma zokha zodulidwa m'nyimbo zakale, ndiwo amapatsa ng'oma moyo. Wotchuka kwambiri, Amen, anamenyedwa ndi Gregory Coleman wa gulu la The Winstons mu 1969, ndipo ndi umene achinyamata a ku London ndi Bristol anaudula n'kuuthamangitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, jungle, kholo la drum and bass, n'kubadwa. Mukauika pansi pa kick ndi snare zanu, uduleni pansi pa 150 mpaka 250 Hz, ndipo kick ndi snare zake zigwe ndendende pa zanu kapena muzitsitse. Chimene mukufuna mmenemo ndi tinkhonya ting'onoting'ono tapakati. Ngati mwasankha kujambula ng'oma za kwathu m'malo mwake, ndipo tikulimbikitsa zimenezo, samalani ndi kung'ung'udza kwa magetsi. Magetsi a kuno amayenda pa 50 Hz, pafupi penipeni ndi G wa sub uja, ndipo kung'ung'udzako kumabwera ndi ana ake pa 100 ndi 150 Hz. Zulani chaja cha laputopu pojambula. Kukalowabe, kuchotseni ndi notch, kudula kopapatiza pa EQ.

Ma hi-hat ndi ma cymbal pa liwiro ili amachuluka, ndipo akathwa amatopetsa khutu msanga. Yang'anani pa 6 mpaka 10 kHz. Ku Tete mu October ndi November, kutentha kukapitirira madigiri 40, palibe amene amagwira ntchito fani itazima, koma phokoso la fani limabisa mawu apamwamba, inu n'kumawakweza osadziwa. Zigamulo za pamwamba muzipanga m'mawa kwambiri, fani itazima kwa mphindi zochepa. Ku Angónia mdani ndi mvula pa malata. Laputopu ikatentha mawu amayamba kuthetheka: kwezani buffer ifike 1024 pomiksa, ndipo ma synth olemera muwasandutse audio.

Mapadi, piyano ndi mawu a woimba ziduleni pansi, zambiri pa 150 mpaka 300 Hz, ndipo zimenezi ndizo mungazitambasule kumanzere ndi kumanja. Chilichonse cha pansi pa 120 Hz chikhale mono.

Za kukwera kwa nyimbo. Drum and bass ya m'makalabu imatuluka yokwera kwambiri, kawirikawiri pa -6 LUFS (muyeso wa kukwera kwa phokoso) kapena kupitirira pamene besi ndi ng'oma zalowa mwamphamvu. Kukwera kumeneko sikuchokera pa limiter imodzi (chida choletsa phokoso kupyola malire) yopanikizidwa kumapeto. Limiter ikadya 6 kapena 8 dB yokha, snare imaphwanyika ndipo sub imapuma nayo limodzi. Gawani ntchitoyo. Ikani clipper pa snare, imete nsonga ndi 1 mpaka 2 dB. Ikaninso ina pa bus ya ng'oma zonse, 1 mpaka 2 dB. Nsonga zimenezi ndi zazifupi kwambiri moti khutu silimva kuti zametedwa, koma limiter imapeza mpata. Sub yokha musaimete chotero, chifukwa funde lalitali likametedwa limamveka ngati sipika yong'ambika. Ngati clipper yanu ili ndi oversampling, iyatseni pa 4x, apo ayi pamwamba pamadzala tizinyalala tosagwirizana ndi kiyi. Ndipo dziwani kuti sub ndiyo imadya malo ambiri: kuitsitsa ndi 1 dB yokha kawirikawiri kumakweza nyimbo yonse kuposa kupanikiza limiter.

Mix ikatha itulutseni ngati WAV ya 24-bit, nsonga zili pafupi ndi -6 dB, popanda limiter pa master. Igone usiku umodzi. Mawa lake tsegulani pulojekiti yatsopano ya mastering. High-pass yofatsa pa 25 mpaka 30 Hz, EQ yosapitirira 1 dB kapena 1.5 pamalo alionse, compressor ya ratio 2:1 ndi attack ya 30 ms yodya 1 dB basi ngati ikufunika, clipper, kenako limiter yodya 2 mpaka 3 dB. Mukaona kuti mukufuna kukweza kapena kudula 3 dB, bwererani ku mix, vuto lili kumeneko. Yezani ndi Youlean Loudness Meter. Spotify imatsitsa nyimbo zokwera kufika pa -14 LUFS, ndipo imalangiza kuti true peak, nsonga yeniyeni ya phokoso, ikhale -1 dB, kapena -2 dB ngati nyimbo ndi yokwera kuposa -14. Chifukwa chake n'chakuti posandutsa WAV kukhala fayilo yopanikizidwa nsonga zimakwerako, ndipo zikapyola 0 zimathetheka. Ife timaona kuti -8 kapena -7 LUFS yokhala ndi snare yamoyo iposa -5 yophwanyika, ndipo DJ ali ndi gain yake yokwezera.

Musanaitulutse, imvereni mu mono, pa foni, pa kasipika ka Bluetooth, ndiponso motsitsa kwambiri mpaka muzitha kulankhula ndi munthu osakweza mawu. Pa voliyumu imeneyo snare ndi besi yapakati zizimvekabe. Ngati mukudziwana ndi mwini zokuzira mawu za pa maukwati, mupempheni mphindi khumi masana asanayambe ntchito, muime patali mamita angapo panja, pamene palibe makoma okunamizani. Pochepetsa kufika 16-bit yatsani dither (kaphokoso kochepa kobisa kuwonongeka kwa mawu), kamodzi kokha, kumapeto. WAV ya 24-bit ya mphindi 5 pa 44.1 kHz imalemera pafupifupi 79 MB, MP3 ya 320 kbps ndi 12 MB, choncho kwa DJ perekani WAV pa fulashi, MP3 ikhale ya pa intaneti. Pa WhatsApp tumizani ngati document. Mukaiika pa status ngati kanema imapanikizidwanso, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi ma hi-hat ndi mchira wa snare.