Batala weniweni wa mkaka wa ng'ombe pakhomo pathu

Kuno ku Angónia, kumene ng'ombe zimaswana bwino chifukwa cha msipu ndi kuzizira kwa kumapiri, ndimadabwa kuona mabanja amene amakama mkaka tsiku lililonse akugula majarini pamsika wa Ulónguè, pamene batala angathe kumupanga okha. Mkaka ukagona pamalo ozizira, mafuta ake amakwera pamwamba. Mafutawo timawawengula, kuwakhutchumula m'botolo mpaka atagwirana, kenaka kuwatsuka ndi madzi ozizira ndi kuthiramo mchere pang'ono. Kilogalamu imodzi imafuna malita oposa 20 a mkaka, n'chifukwa chake batala wa m'sitolo ndi wokwera mtengo.

Pafupifupi magawo 80 pa 100 a batala ndi mafuta, ndipo m'mafutamo muli vitamini A, amene amathandiza maso ndi khungu, komanso vitamini D ndi E pang'ono. Chimene ndimachiona chofunika kwambiri n'chakuti vitamini A wochokera m'masamba monga nkhwani ndi bonongwe amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, choncho kasupuni kamodzi m'ndiwo kapena m'phala la mwana kamagwira ntchito yaikulu. Komabe mafuta a batala amakweza kolesterolo, amene ndi mafuta a m'magazi, ndipo amene ali ndi vuto la mtima ayenera kudya pang'ono chabe.

Achibale athu a mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, angachite bwino kusungunula batalayo pamoto wochepa mpaka madzi onse atauma, n'kumusefa, chifukwa wotereyu sawonongeka msanga ngakhale popanda firiji. Koma pabala la moto musapakepo batala, chifukwa amatsekera kutentha m'khungu. Thirani madzi ozizira kwa mphindi 20.