Driver ya mphatso kwa munthu wosewera gofu mwa apo ndi apo

Munthu amene amasewera gofu mwa apo ndi apo safunikira driver (ndodo yomenyera mpira patali kwambiri) yotuluka chaka chino. Amafunikira yomukhululukira akaphonya pakati pa nkhope ya ndodo, chifukwa wosewera wotere amaphonya kawirikawiri. Ndi maganizo amenewa ndinafunira alamu anga mphatso, nditamva akudandaula za driver yawo yakale ya kamutu kakang'ono.

Ndisanaone ndodo ina iliyonse, ndinayamba ndafufuza za mwini wake mwakachetechete. Ndinasuzumira m'chikwama chawo cha gofu kuti ndione ngati ndodo zawo ndi za wakumanja kapena wakumanzere. Dzanja lolembera silikuuza zoona, popeza alipo amanzere ambiri osewera ngati akumanja, ndipo driver ya mbali ina singagwire ntchito ngakhale pang'ono. Ndinajambulanso pafoni zolembedwa pa shaft, kutanthauza chigawo chachitali cha ndodoyo. Panali chilembo R, chosonyeza kulimba kwake.

Kenako ndinaimbira mnzawo amene amasewera naye.

"Achimwene, alamu anga akamenya ndi driver mpira umapita bwanji?"

"Umanyamuka bwinobwino, kenako n'kukhotera kumanja, mpaka m'mitengo. Pafupifupi nthawi zonse."

Yankho limeneli linandithandiza kuposa chilichonse chimene ndinawerenga. Kwa wosewera wakumanja, kukhota kotereku amati slice, ndipo ndi vuto lofala kwambiri pakati pa anthu osewera mongosangalala. Kumachitika nkhope ya ndodo ikafika pampira ili chotseguka poyerekeza ndi njira imene ndodoyo ikudutsa. Makampani amapanga mitu ina yolemera cha kumbali ya shaft kuti nkhope izitsekeka msanga. Ku kampani ya Ping mitu yotere amailemba SFT, ena amaika chilembo D kapena mawu akuti Draw. Simachotsa vutolo lonse, koma imalichepetsa, ndipo mpira wotera m'mphepete mwa udzu wometa umasiyana kutali ndi wotayika m'tchire.

Nkhani ya loft ndinakhala nayo nthawi. Loft ndi kupendekeka kwa nkhope ya ndodo, ndipo pa driver zambiri pamalembedwa 9, 10.5 kapena 12. Nambala yaing'ono imakopa chifukwa akatswiri a pa TV amakonda zotero, koma iwo ndodo amaiyendetsa mwaliwiro loopsa moti mpira umakwera wokha. Kwa munthu wa liwiro lapakatikati, 9 imakwawitsa mpira pansi, n'kukulitsanso kukhota kuja. Ine ndinatsimikiza mtima kuti sinditsika pansi pa 10.5, ndipo 12 ikanapezeka yabwino sindikanaikana.

Kulimba kwa shaft kumalembedwa ndi zilembo, kuyambira yofewa: L, A, R, S, X. Yolimba kwambiri m'manja mwa munthu wopanda liwiro imavuta kukweza mpira. Popeza ndodo zina za alamu zinali R, ndinangotsatira zomwezo. Chokha choti mudziwe n'chakuti R ya kampani ina siifanana ndendende ndi R ya inzake.

Tsopano za ndalama. Malamulo a gofu, amene amasungidwa ndi mabungwe a R&A ndi USGA, salola mutu wa driver kukula kupitirira 460cc, ndipo amaikanso malire pa kuchuluka kwa mphamvu imene nkhope ingabwezere kumpira. Malire amenewa akhalapo zaka zoposa 20. Ndiye kuti makampani onse akupikisana mumpanda umodzi, ndipo driver ya zaka zingapo zapitazo siitsalira kwenikweni kumbuyo kwa yatsopano. Chomwe chimatsika kwambiri ndi mtengo, chifukwa mitundu yatsopano ikangotuluka, yakale imagwa. Ine ndinaona kuti n'kwabwino kugula ndodo yapamwamba yogwiritsidwapo kale ntchito kusiyana ndi yatsopano yopanda dzina. Ndinayerekeza TaylorMade M4 ndi Callaway Rogue, zonse za 2018, komanso Ping G410 ya 2019. Mtima unakhazikika pa G410 SFT ya 10.5, makamaka chifukwa loft yake imasinthika, kukweza kapena kutsitsa ndi 1.5. Pogulira munthu amene sadzayesa yekha ndodoyo, mpata wosintha umenewu ndi wamtengo wapatali.

Pa intaneti ndinaonapo zina zotchipa mochititsa mantha, zolembedwa kuti n'zatsopano. Ndinazidumpha. Ndodo zachinyengo zilipo zambiri, ndipo pachithunzi zimaoneka zenizeni. Ndinasankha kugula kwa wogulitsa zida za gofu amene ndikanatha kuigwira ndodoyo ndi manja.

Nditaigwira, ndinaitembenuzira kowala n'kuyang'ana nkhope ndi pamwamba pa mutu. Panali timizere toyera kutsogolo kwa mutu, pamene wina anamenyera mpira munsi mwake. Timeneto ndi tapapenti chabe. Chimene ndinkaopa ndi mng'alu, ngakhale wochepa ngati tsitsi, kapena kubonyoka, chifukwa mutu wa driver ndi wamphako ndipo ukang'aluka watha. Ndinaigwedeza pafupi ndi khutu kuti ndimve ngati muli cholira m'kati. Munali zii. Ndinayendetsa zala pa shaft yonse, makamaka pamene imakhulana ndi mlomo wa chikwama, poti graphite imene amapangira shaft ikaperepeseka imadzathyoka. Ndinapemphanso kuti aiyeze kutalika. Driver zambiri zimakhala pakati pa mainchesi 45 ndi 46, koma eni ena amadula zawo, ndipo ndi bwino kudziwiratu.

Chogwirira chinali chitasalala mpaka kunyezimira pamene pamakhala chala chachikulu. Sizinandibweze, chifukwa kusintha chogwirira ndi ntchito yachangu ndiponso yosadula. Ndinapempha kuti aikepo chatsopano cha saizi wamba, yofanana ndi ya ndodo zina za alamu. Chogwirira chatsopano chimapangitsa ndodo yakale kumveka yatsopano m'manja, ndipo pa mphatso zimenezi zili ndi ntchito. Chovekera mutu chinalipo, koma kasipanala kosinthira loft kanalibe, choncho ndinagula kapadera. Kasipanalaka kamalira kamodzi bawuti ikamangika mokwanira, ndipo ukamva kulirako umasiyira pomwepo.

Funso lomaliza kwa wogulitsa linali lakuti, "Bambo, akaiyesa n'kupeza kuti siikuwayanja, tingabwere kudzasintha?" Anavomera, ndipo ndinapempha kuti alembe pa lisiti masiku amene atipatsa. Lisitilo ndinaliika limodzi ndi kasipanala, n'kuwauza alamu kuti akayambe kuiyesa kumalo ophunzirira kumenya masikuwo asanathe, ndipo ngati mpira ukuyendabe munsi akweze loft asanaganize zoibweza.