Tinapempha chikwangwani cha STOP, anatiikira mahampu

Msewu wa kwathu kuno ku Indiana, m'dziko la America, ndi wowongoka, wopanda maroboti, ndiye madalaivala othawa mdipiti wa magalimoto pamsewu waukulu amadulira pomwepa. Liwiro lololedwa ndi mamailo 25 pa ola, pafupifupi makilomita 40, koma m'mawa ana akamadikira basi ya sukulu pamphambano, ena amadutsa ngati akuthamangitsidwa. Aneba tinamanga chimodzi: khonsolo itiikire zikwangwani za STOP mbali zonse zinayi.

Ndinayamba ndi kuimba 311, nambala imene mizinda yambiri ya ku America imalandirirapo madandaulo osakhala adzidzidzi. Anandipatsa nambala ya dandaulo langa. Imeneyo muzisunga bwino, chifukwa aliyense amene mudzalankhule naye adzayamba wakufunsani.

Patapita nthawi kunabwera anyamata a khonsolo. Anakhomera timapaipi tiwiri takuda ta rabara mopingasa msewu, n'kutilumikiza ku kabokosi kachitsulo kamene anakamangirira ndi tcheni kumtengo wa magetsi. Galimoto ikaponda, kabokosiko kamalemba nthawi ndi liwiro lake, usana ndi usiku. Ndinawapempha kuti ayeze sukulu zili mkati, poti patchuthi msewu wathu umakhala zii, ndipo anavomera.

Yankho linali lakuti chikwangwani sichitheka. Ndinapita ndekha kukaonana ndi injiniya woona za misewu, mtima uli m'mwamba. Mayiyo anandikhazika pansi n'kutsegula buku lotchedwa MUTCD, la bungwe la boma la Federal Highway Administration, limene limatsogolera kaikidwe ka zikwangwani m'dziko lonseli. Bukulo limanena poyera kuti STOP asamaikidwe pofuna kuchepetsa liwiro. Ntchito yake ndi kugamula amene adutse koyamba pamphambano. M'buku la 2009, kuti aike STOP mbali zonse ankayang'ana ngati pachitika ngozi 5 kapena kuposa m'miyezi 12, zamtundu umene chikwangwanicho chikanapewetsa. Apo ayi, msewu waukulu uzilowetsa magalimoto osachepera 300 pa ola kwa maola 8 a tsiku, wawung'onowo 200, kuphatikiza oyenda pansi ndi apanjinga. Ife tinali kutali nazo.

Za ngozi 5 zinandipweteka, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Kodi tidikire mwana wa munthu agone m'chipatala kuti tiwerengedwe? Koma chimene mayiyo ananena pambuyo pake ndinachimva. Dalaivala akaona STOP pamalo pamene sipatulukira galimoto kawirikawiri, amazolowera kungoponda buleki pang'ono n'kupitirira, kenako amathamanga kwambiri kuti abweze nthawi. Mwana ndiye amawoloka akukhulupirira kuti galimoto iima.

Kenako anandionetsa pepala lochokera m'kabokosi kaja. Mainjiniya sayang'ana wopenga mmodzi wothamanga kuposa onse. Amatenga liwiro limene madalaivala 85 mwa 100 alionse salipyola, ndipo lathu linali pamwamba ndithu pa 25. "Bambo, pemphani zochepetsa liwiro, osati chikwangwani," anatero. Fomu yake inali ina, ndipo inafuna masiginecha a anthu okhala mumsewuwo.

Apa ndi pamene panali ntchito. Ndinayenda khomo ndi khomo madzulo, anthu ataweruka. Musanayambe, funsani kuti akufuna gawo lalikulu bwanji la nyumba, poti mzinda uliwonse uli ndi lamulo lake, komanso ngati a lendi akuwerengedwa kapena eni nyumba okha. Agogo ena apakona anakana kusaina poopa phokoso la mathiraki pa hampu pafupi ndi zenera lawo. Sindinawakakamize. Ndinalemba nkhawa yawo pafomupo, ndipo hampu yoyamba anaisendeza kutali ndi nyumba yawo.

A zozimitsa moto nawo amafunsidwa, chifukwa hampu iliyonse imachedwetsa galimoto yawo ndi ambulansi. Mwayi wathu, msewu wathu suli pa njira zawo zikuluzikulu.

Kumsonkhano wa khonsolo aliyense amapatsidwa mphindi zochepa, choncho ndinasiya zodandaula n'kunena manambala. Kafukufuku wa 2011 wa AAA Foundation for Traffic Safety, bungwe lofufuza za chitetezo cha pamsewu, anapeza kuti mwa oyenda pansi 100 ogundidwa pa mamailo 23 pa ola, amafa ndi 10. Pa mamailo 32 amafa 25, ndipo pa 42 amafa theka. Khansala wathu ndinali nditamutumizira kale pepala la liwiro lija, ndiye analankhula motiikira kumbuyo.

Atavomereza tinadikirabe, kaye ndalama za chaka chotsatira, kenako nyengo yofunda, chifukwa phula sathira kukuzizira. Mahampu ake ndi otambalala, mamita pafupifupi 4, koma otsika, osapyola masentimita 10. Woyenda liwiro loyenera amadutsa osagwedezeka kwambiri. Tapempha kuti timapaipi tija abweretsenso sukulu zikatsegulira, tione pamene liwiro lafika tsopano.