Ziphaniphani mu ubongo wa mbewa

Lachiwiri usiku magetsi atangothima kuno ku Matawale, foni ili pa 23%, mng'ono wanga amene ali kusukulu kunja uja ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Pansi pake analemba kuti "achimwene taonani izi, mbewayi ndi yamoyo ndipo ikuthamanga." Ine ndinaganiza kuti ndiona mbewa yeniyeni, mchira ndi ndevu zomwe. Ayi ndithu. Chinali chimdima chokhachokha, mumdimamo timadontho tobiriwira tikuyaka nkuzima, kuyaka nkuzima, ngati ziphaniphani m'mbali mwa Likangala mvula ikangokata. Akuti kadontho kalikonse ndi selo imodzi ya mu ubongo, ikawala nde kuti ikugwira ntchito nthawi yomweyo. Ndinamufunsa ngati ili mbewa yonga za pampani zomwe timagula pa msewu wa ku Ntcheu zija, anangoseka, akuti iyi mukaidya achimwene andithamangitsa sukulu kkkk.

Makina ojambulirawo amawatchula two-photon microscope. Dzinali ndinkangolimva, koma usiku umenewo anandifotokozera mpaka foni inazima yokha.

Ine ndine wa mu labu, zaka zambiri ndikuyeza makhololo, nde zowalawala sizachilendo kwa ine. Timapaka mankhwala otchedwa auramine pa silaidi, nkulowa m'kachipinda kamdima kaja, maikolosikopu ya LED imaponya kuwala kwa buluu ndipo tizilombo ta TB timaoneka ngati timitengo tachikasu chobiriwira. Chimachitika nchakuti kachidutswa kamodzi ka kuwala, amati fotoni, kamamenya mankhwala aja, mankhwalawo amalandira mphamvu kenako amaibweza ngati kuwala kwa mtundu wina kofookerapo pang'ono. Buluu kulowa, girini kutuluka. Fotoni imodzi ya buluu imakwanitsa yokha ntchitoyo.

Vuto lake ndimalidziwa ndi maso angawa. Ukapaka makhololo mokhuthala, zonse zapamwamba ndi zapansi zimawala pamodzi, umangoona chiutsi chobiriwira, kusuntha fokasi uku ndi uku osapeza kanthu. Komanso ukachedwa pamalo amodzi kuwala kumazilala uli chiyang'anire. Tsono ameneyo ndi silaidi chabe, kanthu kopyapyala, nanga ubongo wathunthu? Akale anayesa kuthana nazo ndi confocal, yomwe Marvin Minsky anatulukira m'ma 1950, imene imaika kabowo kakang'ono kutsogolo kwa chowerengera kuwala kuti kuwala kochokera malo olakwika kutsekeredwe panja. Imagwira ntchito bwino zedi koma imataya kuwala kwambiri, ndipo ukalowa mkati mwa mnofu pang'ono chabe chithunzi chimafa.

Nzeru ya two-photon ndi yosiyana, ndipo poyamba ndinaiona ngati yamisala. M'malo mwa fotoni imodzi yamphamvu amatumiza ziwiri zofooka, za infrared, kuwala kopitirira kufiira komwe diso silingakuone, iliyonse ili ndi theka la mphamvu yofunikayo. Zikafika nthawi imodzi pa molekyu imodzi, mphamvu zawo zimaphatikizana ndipo mankhwala aja amawala ngati amenyedwa ndi buluu. Ndinamuuza mng'ono wangayo kuti zili ngati anyamata awiri aganyu pa msika wa Zomba akukweza thumba lachimanga pa lole, olo aliyense ayesere payekha kakhumi thumba silikwera, koma akagwira mbali iyi wina mbali iyo nkuwerenga wani, thu, fili, lakwera. Iye anavomera koma akuti "nthawi imodzi" yake ndi yoopsa, ziyenera kukumana mkati mwa femtosekondi imodzi kapena kuchepera apo. Femtosekondi ndi sekondi imodzi yogawidwa ka 1,000,000,000,000,000. Ndinawerenga maziro katatu, alipo 15.

Mwa masiku onse zimenezi sizichitika, olo uime padzuwa la Okutobala ku Liwonde. Pamafunika mafotoni ochuluka modabwitsa, opanikizana pamalo amodzi komanso panthawi imodzi. Pamalo amodzi ndi ntchito ya lenzi, ngati tinkaotchera pepala ndi galasi tili ku pulayimale. Panthawi imodzi ndi ntchito ya leza (laser, chida choponya kuwala kwamphamvu kolunjika pamodzi), nthawi zambiri ya titanium-sapphire, imene siyaka mosalekeza ngati tochi koma imalavula timaphaniphani ta mafemtosekondi pafupifupi 100, ka 80 miliyoni pa sekondi. Ndinatenga cholembera pa kandulo nkuchita kasamu: kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, nde pa mafemtosekondi 100 kumangoyenda mamaikiromita 30 (maikiromita ndi milimita yogawidwa ka 1,000), osakwana nkomwe kunenepa kwa tsitsi. Ndipo kuchokera pa kuphanima kumodzi kufika pa kwina pamadutsa nthawi yotalika ka 125,000 kuposa kuphanimako, kutanthauza kuti kukanakhala kuti kuphanima ndi sekondi imodzi, mdima wapakati ukanakhala maola pafupifupi 35. Mphamvu yonse imabwera kamodzi ngati malipiro a pa 27 kenako zii. Nchifukwa chake mnofu supsa koma mafotoni amakwanitsa kukumana.

Apa nde pamene ndinakhala tsonga pa mphasa. Popeza pakufunika mafotoni awiri, kuwala kotulukako sikutsatira mphamvu ya leza mwachindunji, kumatsatira mphamvuyo kuichulukitsa ndi iyo yomwe. Ukawonjezera kawiri, kuwala kumakwera kanayi. Ukachepetsa kakhumi, kumatsika ka 100. Nde leza ija imadutsa mu ubongo yonse bwinobwino koma pamwamba ndi pansi pa fokasi mafotoni ndi omwazikana, sakumana, palibe chowala. Chimawala ndi kadontho kamodzi kokha penipeni pa fokasi, kozungulira maikiromita imodzi. Kuvuta kwa chinthucho nkumene kukugwira ntchito ya kabowo ka confocal kaja, popanda kabowo.

Ndipo pali phindu lachiwiri lomwe sindikanaliganiza ndekha. Mnofu umamwaza kuwala, ngati mmene chifunga cha pa msewu wokwera ku Ku Chawe chimachitira ndi malaiti a galimoto m'mwezi wa Juni, umangoona zoyera osadziwa kuti galimotoyo ili pati. Infrared imamwazika pang'ono poyerekeza ndi buluu, nde imalowa patali. Izi ndinaziyesa pompo, ndinaika tochi kuseli kwa zala za mwana wanga wamkazi ndipo zinafiira psuu, iye kuseka, chifukwa kufiira nkomwe kumabowoleza pamene mitundu inayo imatsalira mkati. Potuluka, girini uja amamwazikabe ndithu, amatulukira uku ndi uku, koma zilibe kanthu poti makina akudziwa kale kuti malo owala ndi amodzi okha. Zili ngati usiku mudzi wonse wagona ndipo nyumba yomwe ikuimba ng'oma ndi imodzi, olo phokoso ligunde phiri nkubwerera kumbuyo kwako sungasokonezeke kuti likuchokera kwa ndani. Basi amangotolera fotoni iliyonse yobiriwira yomwe yatuluka nkuiwerengera kadontho kaja. Mu ubongo wa mbewa amafika theka la milimita mosavuta, akalimbikira mpaka pafupi milimita imodzi.

Chithunzi nacho sichijambulidwa kamodzi ngati pa kamera. Timagalasi tiwiri tonjenjemera timayendetsa kadonthoko mzere ndi mzere ngati munthu akupalira, chowerengera chotchedwa photomultiplier chimayeza kuwala pamalo aliwonse, kompyuta nkulumikiza zonse. Timagalasi tachangu timapereka zithunzi 30 pa sekondi. Mbewayo amaichotsa kachigawo ka chigaza ili chigonekere ndi mankhwala nkumatapo kagalasi ngati windo, ndipo maselo ake amakhala ndi puloteni yotchedwa GCaMP yomwe imawala kashiamu akalowa mu selo, zomwe zimachitika seloyo ikamagwira ntchito. Puloteniyi inapangidwa kuchokera ku GFP, puloteni yowala mobiriwira ya jellyfish ya m'nyanja yamchere, imene inapezetsa Shimomura, Chalfie ndi Tsien mphoto ya Nobel mu 2008. Amalowetsa infrared ya mafunde otalika mananomita 920, kumatuluka girini wa pafupifupi 510 (nanomita ndi maikiromita yogawidwa ka 1,000). Dandaulo la mng'ono wanga nlakuti magalasi a mu maikolosikopu momwemo amatalikitsa kuphanima kuja chifukwa mitundu ya kuwala siyenda liwiro limodzi mu galasi, nde amakhalira kusintha maprizimu kuti abweze, tsiku lathunthu kutha osajambula kanthu.

Za mbiri yake zinandikhudza penapake. Amene anayamba kulemba kuti molekyu kapena atomu ingameze mafotoni awiri nthawi imodzi ndi mayi, Maria Göppert-Mayer, mu 1931 ku Göttingen, pa pepala chabe, leza kulibe. Anadikira zaka 30. Theodore Maiman anapanga leza yoyamba mu 1960, chaka chotsatira Kaiser ndi Garrett anaziona zikuchitikadi mu kamwala ka crystal, ndipo maikolosikopu yake inabwera mu 1990 ku Cornell kuchokera kwa Winfried Denk, James Strickler ndi Watt Webb. Mayiwo analandira Nobel mu 1963 pa nkhani ina ya mkati mwa atomu, atagwirapo ntchito zaka zambiri ku America osalipidwa, ndipo anamwalira mu 1972 osaiona maikolosikopuyo. Muyeso wa mmene mankhwala amamezera mafotoni awiri mpaka lero umatchedwa GM, dzina lawo.

Kunena zoona, mutandipatsa makinawa mawa ku labu kwathu sindingawafune. Pa silaidi ya TB kapena ya malungo sangandithandize kalikonse, saonetsa tinthu tating'ono kuposa confocal, mwinanso amachepera pang'ono chifukwa kuwala kwake nkotalika. Amafuna tebulo losanjenjemera, chipinda chozizira mofanana usana ndi usiku, magetsi osaphethira, ife tikulimbana ndi jenereta ndi mankhwala opakira omwe amatha pakati pa mwezi. Komabe chinandiwawa nchakuti anzathu kunjako amagwiritsa makina omwewa kuyang'ana mitsempha ya magazi mu ubongo wa mbewa zodwala malungo, kuona maselo akumatirira m'mitsempha nyamayo ili moyo, pamene ana omwe amakomoka ndi malungo a mu ubongo ali m'mawodi mwathu muno. Mbewa si mwana ndipo kachilombo kake nkosiyana, komabe funsolo ndi lathu.

M'mawa mwake ndinalowa m'kachipinda kamdima kaja ndi silaidi ina yopakidwa mokhuthala, chiutsi chobiriwira chokhachokha, ndinakhala kaye ndikuchiyang'ana mpaka mnzanga anagogoda kuti "aise, odwala akudikira mayankho panja pano." Ndinapanga ina yopyapyala. Mng'ono wanga watumizanso kavidiyo kena, akuti aka nka mchira wa mbewa ndipo ulusi wa collagen ukuwala wokha osapaka chilichonse, koma ndi 48 MB nde kadikire kaye ndigule bandulo Loweruka.