Mutu wa apongozi pa Facebook

Ine ndine telala, ndipo chimene manja anga anazolowera kwambiri ndi kusoka zipewa. Zipewa zenizeni, zoti ngakhale muzichape kangati sizitaya maonekedwe. Vuto linali loti odziwa zimenezi tinali ine, mkazi wanga ndi anthu ochepa odutsa pakhomo pa shopu. Zipewa zinkangodzadzana m'makatoni mpaka kusowa poponda.

Amene anabwera ndi nzeru ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, mnyamata woti foni saisiya ngakhale akuwoloka msewu.

"Amalume, inu mukudikira makasitomala pakhomo pamene makasitomalawo ali m'foni," anatero. "Anthu opitirira 2 biliyoni amatsegula Facebook tsiku lililonse. Onsewo ali ndi mitu."

Mfundo ya mituyo inandigwira mtima. Iye anapitiriza. Anati chikwangwani cha pamsewu chimaonedwa ndi aliyense, wofuna chipewa ndi wosafuna yemwe, ndipo sudziwa kuti wawerenga ndani. Wailesi ndi nyuzipepala ndi za anthu a matumba akuya. Koma pa Facebook umasankha wekha oti aone: amuna kapena akazi, a zaka zakutizakuti, okhala dera lakuti, okonda zakuti. Umaika ndalama zimene ungakwanitse patsiku, ndipo makina amakuwerengera kuti aona angati, adina angati. Wofuna kugula amangodina batani n'kutulukira pa WhatsApp pako.

Ndinafunsa kuti eni akewo amapindulapo chiyani potichitira chifundo chonsechi.

"Chifundo chake chiti? Kampani ya Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, ndalama zake pafupifupi zonse zimachokera ku malonda otere. Mukuganiza kuti WhatsApp anaigula pamtengo wa madola 19 biliyoni mu 2014 kuti azingomva mmene timalonjerana m'mawa?"

Kenako anandionetsa njira imene anaitcha yachidule. Wamalonda amapereka mndandanda wa manambala a makasitomala ake, makina amafufuza amene ali ndi akaunti, n'kuyamba kuwaonetsa malondawo. Ine mndandanda wa makasitomala ndinalibe. Mphwanga anati palibe vuto, anangokokolola manambala onse a m'foni mwanga, mazanamazana, n'kuuza makinawo kuti asankhemo amuna a zaka 45 kupita m'tsogolo. Panali kabokosi kovomereza kuti eni manambalawo anatilola. Anakadina mwaliwiro loti sindinaone n'komwe mtundu wake.

Chinatsala ndi chithunzi. Ine ndinkafuna kujambula chipewa chili patebulo, iye anakana. Akuti chala cha munthu chimathamanga pa foni, ndipo kuti chiime pamafunika kuonetsa vuto kaye, yankho pambuyo. M'mawa mwake anabwera nacho chitatha. Kumanzere kunali mutu wadazi wojambulidwa chakumbuyo, ukunyezimira padzuwa. Kumanja kunali chipewa changa chabuluu. Pansi pake analemba kuti: "Dazi si mlandu, bambo, koma limafuna denga."

Ndinaseka mpaka kugwira makina osokera. Nditafunsa kuti mutuwo waupeza kuti, anangoti, "Musadandaule amalume, nkhope sikuoneka." Ine yankho limenelo linandikwanira.

Ndipotu zinayenda. Foni inayamba kulira ngakhale usiku. Amuna akuluakulu, ena oti ndinkawaopa, ankalemba mwaulemu kufunsa ngati chilipo chachikulupo. Makatoni anayamba kupepuka. Ndinkayenda modzimva, n'kumauza anzanga osoka kuti dziko linasintha, asamagone.

Tsiku lina m'mawa mkazi wanga analowa m'shopu osapereka moni. Anaika foni yake pansalu imene ndinkadula, n'kutambasula chithunzi chija ndi zala ziwiri mpaka mutu unadzaza galasi lonse.

"Bambo a ana, mutu uwu mukuudziwa?"

"Ndi mutu wa pa intaneti."

Anatambasulanso. Kuseri kwa khutu lakumanzere kunali kachipsera kopindika. M'munsi mwake munkaoneka kolala ya shati yamizeremizere, ndipo msoko wa kolalayo ndinauzindikira msanga chifukwa ndinausoka ndine.

"Ndi mutu wa bambo anga," anatero.

Mphwanga anawajambula tsiku lina banja litakumana, iwo atawerama kumanga chingwe cha nsapato.

Muyenera kuwadziwa apongozi anga. Ndi mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo dazi lawo m'banjamo silitchulidwa. Tsitsi limene linatsala pamwamba pa khutu limodzi amalipesa mosamala kuliwolotsa mpaka kukhutu linalo, ndipo tonse, ana ndi zidzukulu, tinagwirizana chamumtima kuti mutuwo ndi wodzaza. Tsono nambala yawo inali m'foni mwanga. Zaka 45 anazidutsa kalekale. Makina anawapeza mosavuta, n'kumawaonetsa nkhongo yawoyawo m'mawa, masana ndi madzulo, pamwamba pake pali dzina la shopu ya mkamwini wawo. Anzawo onse amene ndinali ndi manambala awo ankaonanso zomwezo.

Anandiitanitsa. Ndinapita ndi mphwanga kuti ngati kuli kufa tifere limodzi. Tinawapeza atakhala, magalasi ali pamphuno, foni ili patebulo chafufumimba.

"Akamwini, nambala yanga ndinakupatsani kuti muzindiimbira mwana wanga akadwala. Munakaipereka kwa yani?"

"Kwa makina, bambo."

"Makinawo alibe mwini?"

Ndinayang'ana pansi. Munthu amene anaphunzitsa zaka zambiri sakalipa, amaphunzitsa, ndipo phunzirolo ndi limene limawawa. Anatikumbutsa za 2018, pamene zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza zinsinsi za anthu okwana mpaka 87 miliyoni a pa Facebook, ambiri mwa iwo osadziwa, n'kuzigwiritsa ntchito pa zandale. Anati Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, anakaima pamaso pa aphungu a ku America kuyankha mafunso, ndipo mu 2019 kampani yake inalipitsidwa chindapusa cha madola 5 biliyoni. Anatinso ku Ulaya, kuyambira chaka chomwecho cha 2018, kuli lamulo lokhwima loteteza zinsinsi za anthu, moti wamalonda sangangotola nambala ya munthu n'kumachita nayo zofuna zake.

"Iwo aja analipira 5 biliyoni. Inu mwabwera ndi zingati?"

Mphwanga anayesa kutsegula pakamwa kuti afotokoze zoti nkhope sikuoneka. Anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi, mnyamata n'kumeza mawu ake.

Chimene chinawapweteka kwambiri, ndipo apa ndinawamvetsa, sichinali nambala ayi. Anati iwo pa Facebook amapitapo kukaona zithunzi za zidzukulu ndi kudziwa za anzawo akale, osati kukauzidwa chimene chikusowa pathupi pawo. "Malonda anuwa amayamba akuuza munthu kuti ali ndi vuto, kenako n'kumugulitsa mankhwala ake. Ine mutu wangawu ndimakhala nawo mwamtendere. Wotsatsa wa pamsewu ukamukana amakusiya. Uyu wanu ndikamukana m'mawa, madzulo ndimamupeza wandidikira m'thumba."

Ndinapepesa, ndinati tichotsa pompano.

"Ndinakuuzani kale kuti muchotse," anatero. "Ndinalemba pomwepo."

Mtima wanga unati phwii. Mphwanga anatsegula foni. Pansi pa chithunzi chija panali ndemanga ya zilembo zikuluzikulu, pambali pake dzina lawo lonse ndi nkhope yawo atavala tayi: "MUTU UWU NDI WANGA. CHOTSANI MSANGA."

Kufikira nthawi imeneyo anthu ankangoganizira. Tsopano mwini mutu anali atasainira yekha. Ndemanga zinali mbwee. Ophunzira awo akale anatulukira kuchokera kumene anabalalikira, wina n'kulemba kuti mutuwo anauzindikira tsiku loyamba chifukwa anauyang'ana chaka chathunthu aphunzitsi akulemba pabolodi. Ena ankakangana ngati n'chilungamo kujambula munthu osamupempha, ena ankangofunsa ngati chabuluucho chilipo. Ndipo makina aja sasiyanitsa ndemanga yokwiya ndi yosangalala. Akaona anthu akuunjikana, amaitana enanso.

"Amalume," mphwanga ananong'ona, "zikuyenda bwino kwambiri."

Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo.

Tinachotsa pomwepo, iwo akuonerera. Koma anthu anali atajambula kale screenshot, ndipo inkazungulira m'magulu a WhatsApp kumene batani lathu lochotsera silifika. Apongozi akamayenda ankamva anthu akuchepetsa liwiro kumbuyo kwawo kuti aone kachipsera kaja. Mapeto ake anatuma mwana wawo kuti adzatenge chipewa. Anasankha chabuluu.

Apa ndiye zinthu zinasokonekera mokoma. Makasitomala anasiya kutchula mtundu kapena kukula, ankangoti akufuna chipewa cha aphunzitsi aja. Nkhani itawafika, anandiitanitsanso. Ulendo uno patebulo panali kope ndi cholembera. Anati awerenga kuti anthu otchuka a pa Instagram ndi TikTok savala chinthu chaulere pamaso pa anthu, amalipidwa, ndipo iwo saona chifukwa choti mutu wawo ugwire ntchito yaganyu popanda malipiro. Tinagwirizana kuti pa chipewa chabuluu chilichonse pazikhala gawo lawo. Mwezi ukatha amabwera kushopu, chipewa chili kumutu, n'kuwerenga makatoni okha. Masamu awo salakwa, ndipo mawu oti dazi sanatchulidwebe.

Sabata yatha mphwanga anabweranso, maso akuwala. Akuti tiyambe kusoka malamba a amuna a mimba zazikulu, msika wake ulipo waukulu, ndipo chithunzi wakonza kale.

"Musadandaule amalume, nkhope sikuoneka. Ndipo ulendo uno chilolezo ndapempha."

"Kwa yani?"

"Kwa azakhali."

Ndinalanda foniyo n'kutambasula chithunzicho ndi zala ziwiri. Batani lachitatu la shatiyo linali losiyana ndi anzake. Ndinalisokerera ndekha, litaduka ndikuwerama kutola sizasi.