Botolo langa loyezera mvula lakwanitsa miyezi itatu

Lero ndakwanitsa miyezi itatu chiyambireni kulemba mvula m'kope. Chida changa sichinasinthe: botolo la malita awiri lodulidwa pakhosi, kumtunda kwake ndinakuzondotsa kuti kukhale fanulo, pansi pali timiyala kuti mphepo isaligwetse, m'mbali ndinamatamo rula. Lili pakati pa dimba kuno ku Machinjiri, patali ndi denga komanso mtengo wa mapeyala. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimawerenga madzi, n'kulemba pambali pa zimene foni ndi wailesi zinanena dzulo lake. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pamalo otalika mita imodzi mbali zonse, ndiye likawerenga 20 ndimadziwa kuti khasu lilowa bwino.

Amene anandiyambitsa zonsezi ndi tomato. App ina ya pafoni inaonetsa kadzuwa kowala Loweruka lonse, ine n'kupopera mankhwala a chiwawu. Ola silinathe, chimvula chija chinatsuka masamba onse, ndalama zanga n'kutsikira kumtsinje.

Ndinaikwiyira app ija, koma pano ndamvetsa pamene pagona nkhani. Ma app ambiri alibe munthu amene akuyang'ana thambo la Blantyre. Amatenga zolosera ku makompyuta akuluakulu, monga ECMWF ya ku Ulaya ndi GFS ya ku America, amene amagawa dziko m'timabokosi. Bokosi limodzi la ECMWF ndi makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse. Tsono taganizani Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, mapiri onsewa kulowa m'timabokosi towerengeka. Mvula ya mabingu imatha kukhuthuka ku Limbe, ku Chileka fumbi lili koboo. Kompyuta siingadziwe kuti mtambo uthyokera pa dimba la yani. Pa app ya zanyengo yotchedwa Windy ndimatha kusintha kuona ECMWF kenako GFS. Zikagwirizana kuti kugwa mvula, ndimasiya kupopera. Zikasemphana, ndimatuluka panja kukayang'ana ndekha.

Zolosera za masiku khumi ndinasiya kuziwerenga n'komwe. M'kope langa, zopitirira masiku atatu zimasintha mawa lake lomwe.

Pa nkhani ya machenjezo ndimamvera a Nthambi yoona za nyengo, amene likulu lawo lili mumzinda mwathu muno. Iwo ali ndi malo awo oyezera, ndipo amalankhula mayina amene timawadziwa: mwera, chiperoni, chigwa cha Shire. Namondwe wamkulu amaoneka akadali panyanja. Freddy asanafike mu Marichi 2023 chenjezo linamveka pawailesi, ndipo tonse tikukumbuka matope amene anatsika m'phiri la Soche kulowa ku Chilobwe. Chichokereni nthawi imeneyo uthenga wa namondwe sindiuseka. Koma sindikhulupiriranso chilichonse chongotumizidwa pa WhatsApp. Mwezi watha pagulu la mpingo panafika chenjezo lopanda deti, anthu n'kuyamba kumanga katundu, chonsecho linali la chaka china. Ndinakaona patsamba la Facebook la a zanyengo, kunalibe zoterozo. Deti poyamba, mantha pambuyo.

Gwero lina ndi agogo apafupi nafe. Tsiku lina anandipeza ndawerama pa botolo, foni ili kumanja.

"Mwanawe, ukufunsa foni pomwe Ndirande wavala chipewa? Kaanule zovala."

"Agogo, foni ikuti lero kulibe mvula."

"Ndiye uiuze ikaanule yokha."

Ndinakaanula. Inagwa cha m'ma 3 koloko, botolo linawerenga 14. Ndawatsegulira mzere wawo m'kope, ndipo pa mvula ya tsiku lomwelo mpaka pano akutsogola ndi iwowo. Za mawa ndi mkuja amangoti aona kukacha.

Vuto la sabata ino ndi botolo lenilenilo. Dzuwa laliwumitsa, layamba kung'aluka pafupi ndi rula, ndiye ndikukayikira manambala a Lachiwiri ndi Lachitatu. Ndawaika kachizindikiro ka funso. Loweruka ndidula lina, ndipo ndikufuna kuika lachiwiri kwa achimwene ku Bangwe kuti tione kusiyana kwa mbali ziwirizi za mzinda, ngati angavomere kudzuka m'mawa.