Paudala ndi mpweya wa khanda

Mwana wathu atangotuluka chikuta mu Okutobala, kutentha kwa kuno ku Kasungu kunali kutafika pachimake, ndipo m'khosi mwake munatuluka tizidzolo tofiira. Apongozi anga, amene anachokera ku Santhe kudzatithandiza, atamusambitsa anatenga botolo la paudala lomwe tinalandira ngati mphatso n'kumuwaza m'khosi, m'khwapa ndi m'thewera. Dzuwa linkalowera pawindo, choncho ndinaona bwinobwino fumbi loyera likuyandama pamwamba pa nkhope ya mwanayo, iye n'kuyetsemula kawiri kenaka n'kutsokomola.

"Amayi, kodi fumbi limeneli silimulowa m'chifuwa?" ndinafunsa motsitsa mawu. Iwo anayankha kuti ana awo onse anawalera ndi paudala, ndipo sindinawatsutse pomwepo, chifukwa ndinkadziwa kuti akuchita mwachikondi.

Kumbuyo kwa botololo kunalembedwa kuti talc, womwe ndi mwala wofewa umene amaukumba m'migodi n'kuupera mpaka kusalala kuposa ufa woyera. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si khungu ayi, koma kupuma. Njira za mpweya za khanda ndi zopapatiza, komanso khanda limapuma ka 30 mpaka ka 60 pa mphindi imodzi, kotero fumbi likachuluka limafika m'mapapo n'kuwatupitsa, mwana n'kuyamba kubanika. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a ana ku America limalangiza makolo kupewa paudala, ndipo ngakhale wopangidwa ndi chimanga naye amauluka chimodzimodzi.

Palinso nkhani ya khansa, popeza m'migodi ina talc amapezeka pamodzi ndi asbestos, mwala wina umene fumbi lake limayambitsa khansa. Kampani ya Johnson & Johnson inasiya kugulitsa paudala wa ana wa talc ku America ndi Canada mu 2020, ndi padziko lonse mu 2023, ngakhale imanenetsa kuti analibe vuto. Mu 2024 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO inaika talc m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zingayambitse matendawa.

Madzulo ake ndinapempha bambo a mwana kuti alankhule ndi mayi awo, ndipo anamvana. Tsopano tikamusambitsa timamupukuta m'makwinya monse ndi kansalu kofewa, timamusiya kanthawi wopanda thewera, n'kumupaka Vaseline pang'ono kumatako kokha. Tizidzolo tija tinatha patapita masiku ochepa, ndipo apongozi ndi amene amandikumbutsa ndikaiwala kupukuta kuseri kwa makutu.